MANKHWALA A M'MASO PAMBUYO PA OPALESHONI YA NG'ALA: MUSALEKE MSANGA, MUSAPITIRIZE PA INU NOKHA

Opaleshoni yocotsa ng'ala m'diso sitenga nthawi. Kawirikawiri mphindi 20 kapena 30 zimakwana, wodwala ali maso, atangomulasa nyeleti yoti diso lisamve kuwawa. M'mawa mwake bandeji ikacotsedwa, nkhalamba imene yakhala zaka ziwiri ikutsogozedwa ndi mdzukulu imayamba kuchula maina a anthu amene aimirira pafupi ndi bedi. Tsiku limenelo a pabanja amayesa kuti zonse zatha. Zimene zatha ndi za dokotala cabe. Nchito ya panyumba ndiye yayamba kumene, ndipo idzatenga masabata 4 kufikira 6. Nchitoyo iri m'timabotolo tiwiri kapena titatu timene wodwala amapatsidwa potuluka m'cipatala.

Nkhaniyi ndi yanu makamaka inu okhala m'makomboni. Makolo athu akacoka ku Chadiza, ku Lundazi kapena ku Mambwe kudzacitidwa opaleshoni pa Chipata Central kapena ku Mwami, safikira kwina koma kwa ana ao ku Kapata, ku Mchini kapena ku Magazine. Ena amapita kwa ana ao ku Lusaka nakacitidwa opaleshoni ku UTH kapena ku Lusaka Eye Hospital. Kulikonse kumeneko, wogwira kabotolo ndiye mwana, mpongozi kapena mdzukulu. Ambuya manja amanjenjemera ndipo zolembedwa pa kabotolo sangaziwerenge. Cotero diso lao liri m'manja mwanu.

CIFUKWA CAKE DISO LIMATUPA

Kumbuyo kwa mwana wa diso kuli kagalasi kakang'ono, kangati mbeu ya nyemba kukula kwake, kamene kamasonkhanitsa kuwala kuti munthu aone bwino. Munthu akamakalamba kagalasika kamacita mbuu monga madzi otsukira mpunga. Imeneyo ndiyo ng'ala. Palibe mankhwala odontheza kapena akumwa amene angaisungunule. Dokotala amaboola pambali pa diso, nacotsa kagalasi koonongekako, naikamo kena ka pulasitiki kamene kamakhala momwemo moyo wonse. Woyamba kuika kagalasi kotere m'diso la munthu anali Harold Ridley, ku London, mu 1949. Kale odwala athu ambiri ankangocotsedwa ng'ala ndi kupatsidwa magalasi ocindikala ngati matako a botolo. Masiku ano kuika kagalasi mkati ndiyo njira ya nthawi zonse.

Tsono ngakhale bala likhale laling'ono motani, thupi limadziwa kuti lacekedwa. Mukadziceka ndi mpeni pa cala, pamafiira, pamatupa, pamatentha. Umo ndimo thupi limatumizira asilikali ake pamalo povulala. Pa cala kutupa kotere sikusautsa kwenikweni. M'diso ndi nkhani ina, cifukwa diso limagwira nchito pokhapokha madzi a mkati mwake ali oyera mbee. Kutupa kukayamba, timitsempha ta magazi ta mkati mwa diso timayamba kukha, ndipo madzi aja amadetsedwa. Ife tikayang'ana ndi makina a nyali a kukiliniki ya maso timaona tinthu tikuyandama m'madzimo monga fumbi m'nyumba pamene dzuwa lalowera pa zenera.

Kutupa kumeneku kukalekeredwa kumasiya mabvuto atatu. Mbali yakuda yozungulira mwana wa diso ikhoza kumamatira ku kagalasi katsopano, mwana wa diso nkukhota, osatha kukula ndi kucepa monga mwa masiku onse. Njira zimene madzi a m'diso amatulukira zikhoza kutsekeka, presha ya m'diso nkukwera. Ndipo cacitatu, cimene cimakhumudwitsa anthu kopambana: kumbuyo kwenikweni kwa diso kuli kansalu kamene kamalandira cithunzi, ndipo pakati pa kansaluko, pamene timawerengera ndi kuzindikirira nkhope, pakhoza kulowa madzi. Izi zimabwera mocedwa, kawirikawiri pa sabata la 4 kufikira la 6. Munthu amene anali kuona bwino sabata loyamba amayamba kudandaula kuti nkhungu yabweranso, ndipo a pabanja amati opaleshoni sinayende bwino. Odwala shuga ndi amene diso lao linatupapo mkati kale ndiwo ali pangozi yaikulu ya zimenezi.

Cofunika kumvetsa ncakuti kutupa kwa mkati sikuoneka pa kalirole. Diso likhoza kuyera kunja pa tsiku la 10 pamene mkati moto ukali kunyeka.

ZIMENE ZIRI M'TIMABOTOLO

Kabotolo koyamba ndi ka mankhwala oletsa kutupa, a mtundu wochedwa steroid. Pa cikalata mudzaona dzina longa dexamethasone, prednisolone kapena betamethasone. Awa ndiwo mwini nkhani yathu lero.

Kaciwiri ndi ka mankhwala opha tizirombo, monga chloramphenicol, ciprofloxacin, gentamicin kapena tobramycin. Nchito yao ndi kulonda bala kufikira litatsekeka, ndipo kawirikawiri amalekedwa pakapita sabata limodzi kapena awiri. Nthawi zambiri mitundu iwiriyi imasakanizidwa m'kabotolo kamodzi, cotero musadabwe mnansi wanu atapatsidwa tiwiri inu kamodzi. Werengani cikalata, mudzapeza maina awiri pamenepo.

Ena, makamaka a shuga, amaonjezeredwa kacitatu, monga diclofenac kapena ketorolac, kothandiza kuti madzi asalowe m'kansalu ka kumbuyo kaja. Owerengeka amapatsidwanso atropine, amene amakulitsa mwana wa diso ndi kulipumitsa diso. Wodontheza atropine amaona mwacimbuuzi ndipo dzuwa limamthobwa m'maso, ngakhale kwa sabata lathunthu kapena awiri ataleka. Zimenezo zisakuopseni. Koma kabotolo ka atropine kabisidwe kutali, pakuti mwana akamwa ndi poizoni.

KUCEPETSA PANG'ONO-PANG'ONO

Apa ndi pamene mabanja ambiri amaphonya. Mankhwala oletsa kutupa salekedwa tsiku limodzi. Amatsitsidwa monga munthu wotsika makwerero. Mwacitsanzo dokotala angalembe kuti dontho limodzi kanai pa tsiku kwa sabata limodzi kapena awiri, kenaka katatu pa tsiku sabata lotsatira, kenaka kawiri, kenaka kamodzi, ndiyeno kuleka. Ngati opaleshoni inali yobvuta, kapena ng'ala inali yokhwima kwambiri, angayambire pa kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ngakhale pa maola awiri alionse. Ici ndi citsanzo cabe. Ndondomeko yanu ndi imene yalembedwa pa khadi la wodwala wanu, osati ya mnansi.

Cifukwa cotsikira pang'ono-pang'ono ndi ici. Mankhwalawa amapondereza kutupa pamene bala likupola mwa ilo lokha. Mukawacotsa mwadzidzidzi bala lisanapole, kutupa kumabuka, ndipo nthawi zina kumabwera ndi ukali woposa poyamba. Amai amene anaphikapo pa mbaula adziwa kuti makala ophimbidwa ndi phulusa amaoneka ngati azima, koma mphepo ikaomba amayakanso. Pakapita masiku atatu kapena anai cilekere mankhwala, diso limafiira, limayamba kuopa kuwala, limawawa mkati mpaka pamphumi, ndipo ndondomeko yonse iyenera kuyambidwanso.

Anthu amaleka pa zifukwa zomveka. Diso layera, ambuya akuona, nanga mankhwala ngacani? Ena kabotolo kamatha msanga cifukwa anali kuthira madontho atatu m'malo mwa limodzi. Ena kwagwa maliro kumudzi, anyamuka usiku, kabotolo katsala pa windo. Ena ambuya aumirira kubwerera kwao kukaona mbeu ndi mbuzi, ndipo kumeneko palibe wowadontheza. Pa ici maganizo anga ndi akuti ngati nkotheka, kholo likhale m'tauni kufikira litaonedwanso kucipatala kaciwiri. Likaumirira kupita, musalipatse kabotolo m'thumba ndi kutsazikana. Pezani munthu mmodzi wa kumudziko, mumuonetse ndi manja anu madonthezedwe ake, ndipo mumlembere masiku.

Kulemba kumathandiza koposa kukumbukira. Tengani pepala la m'kope la sukulu, lembani masiku motsika pansi, ndi mabokosi a nthawi mopingasa, ndipo congani bokosi nthawi iriyonse dontho likalowa. Kanai pa tsiku ndiko kuti pouka, pa nsima ya masana, dzuwa likamalowa, ndi pogona. Palibe cifukwa coutsira nkhalamba pakati pa usiku pokhapokha dokotala atanena. Mukaiwala nthawi imodzi, donthezani pamene mwakumbukira ndi kupitiriza monga mwa ndondomeko. Musathire kawiri kuti mulipire. Ngati wosamalira sadziwa kuwerenga, mangani ulusi wofiira pa kabotolo kamodzi ndi wakuda pa kena.

MBALI INA YA MPENI

Tsono pali ena amene amalakwira mbali inayo. Aona kuti mankhwala aja amayeretsa diso ndi kuliziziritsa, ndipo akatha amakagula ena, ndi enanso, miyezi ndi miyezi. Awa ali pangozi yoposa ya oleka msanga, cifukwa cimene cimawaononga sicimveka kuwawa.

Mankhwala a steroid amakweza presha ya m'diso mwa anthu ena. Presha yabwino iri pakati pa 10 ndi 21 pa muyeso wa kucipatala. Madokotala a ku America anapeza m'zaka za m'ma 1960 kuti anthu akadontheza mankhwalawa masabata 4 kufikira 6, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse presha yake imakwerako, ndipo pafupifupi 5 mwa 100 imakwera kwambiri. Presha ikakhala pamwamba nthawi yaitali imapha mtsempha umene umanyamula cithunzi kucokera m'diso kupita ku ubongo. Ndiyo nthenda ya glaucoma. Munthu amayamba kutaya kuona kwa m'mbali, pang'ono-pang'ono, osadziwa, ndipo mtsemphawo ukafa palibe opaleshoni youdzutsa. Khungu la ng'ala limacira. Khungu la glaucoma silicira. Amene ali kale ndi glaucoma, kapena amene m'banja mwao muli nthendayi, auze dokotala opaleshoni isanacitike. Nkuona tsono cifukwa cake timakuitanani kuti mubwerenso: presha siingadziwike ndi kuyang'ana kapena kukhudza, imafuna kupimidwa. Ikapezeka msanga, kusintha mankhwala kumaitsitsa.

Cina coopsa ndi kugawana. M'nyumba za m'komboni kabotolo kotsala kamasanduka mankhwala a banja lonse. Mwana wauka ndi diso lofiira, amthira a ambuya. Atate alasidwa ndi tsamba la cimanga kumunda, athira omwewo. Diso lofiira liri ndi zifukwa zambiri, ndipo zina mwa izo ndi cironda pa mbali ya kutsogolo yoonekera ngati galasi. Steroid amagoneka asilikali a thupi. Akathiridwa pa cironda cotere, makamaka cobwera ndi kulasidwa ndi udzu kapena cimanga, kapena ca tizirombo ta herpes, kuwawa kumacepa masiku awiri pamene cironda cikukumba, ndipo diso likhoza kuboola. Mwa ana amene amayabwa maso nyengo ya fumbi, kuthira mankhwalawa miyezi yambiri kumabweretsa glaucoma ndi ng'ala yomwe, mwana akali pasukulu. Ndondomeko ikatha, kabotolo kotsala katayidwe m'cimbudzi ca dzenje kapena kabwezedwe kucipatala.

KADONTHEZEDWE

Sambani m'manja ndi sopo, ndi kupukuta ndi nsalu yoyera. Ngati m'zikope muli manthongo, wiritsani madzi, aleke azizire, nyowetsani thonje, ndi kupukuta kamodzi kucokera kumphuno kupita kukhutu diso liri lotseka. Thonje limenelo litayidwe. Musakanikize diso.

Yang'anani kabotolo. Mankhwala ooneka ngati mkaka, monga prednisolone, ayenera kukhuchumulidwa bwino nthawi iriyonse, cifukwa mphamvu yake imakhazikika pansi. Wosakhuchumula amathira madzi cabe masabata oyamba.

Wodwala agone cagada kapena akhale pa mpando ataweramutsira mutu kumbuyo, ayang'ane kudenga. Kokerani cikope ca pansi ndi cala kuti pakhale kathumba, ndipo donthezani dontho limodzi m'kathumbamo. Mlomo wa kabotolo usakhudze diso, nsidze kapena cala canu. Cikope ca pamwamba musacikoke, pakuti bala kawirikawiri limakhala camwamba. Akatero atseke diso mofatsa, osaphethira-phethira, mphindi imodzi kapena ziwiri, cala cikukanikiza pang'ono pa kona ya diso ya kumphuno. Pa kona imeneyo pali kanjira kopita m'mphuno ndi kukhosi. Ndico cifukwa cake ena amamva kuwawa kwa mankhwala pakamwa. Kutseka kanjirako kumasunga mankhwala m'diso.

Dontho limodzi likwana. Diso silingasunge ngakhale dontho limodzi lathunthu, cotero laciwiri limangotsikira pa tsaya. Kabotolo ka 5 ml kali ndi madontho pafupifupi 100. Pa kanai pa tsiku kayenera kukhala masiku oposa 20. Kakatha pa sabata limodzi, dziwani kuti ambiri anamwa ndi pilo. Koma ngati mwaona kuti dontho lagwera pa cikope osalowa, bwerezani.

Ngati pali timabotolo tiwiri pa nthawi imodzi, dikirani mphindi 5 pakati pake, cifukwa laciwiri likabwera msanga limatsuka loyamba. Ngati palinso mankhwala a mafuta a m'kacubu, amenewo akhale otsiriza. Kuluma pang'ono kwa kanthawi ndi kwa masiku onse. Koma zikope zikayamba kuyabwa ndi kutupa, khungu lozungulira diso nkufiira nthawi iriyonse mukathira, mwina thupi likukana mtundu umenewo. Bwerani nako kabotolo tikusinthireni, osangoleka.

Sungani mankhwala pamthunzi, atatsekedwa bwino. Pa windo kapena pansi pa malata mu Okutobala si malo ake. Madontho a chloramphenicol amafuna pozizira. Muli ndi firiji, ikani pa citseko cake, osati mouma madzi. Mulibe, kapena magetsi akhala akuzima, ikani kabotolo m'kapulasitiki komanga bwino pafupi ndi mtsuko wa madzi. Lembani tsiku limene mwatsegula, pakuti pakapita masiku 28 kabotolo kotsegula sikakhulupirikanso. Mankhwala akatha ndondomeko isanathe, bwererani kucipatala. Akakulemberani kuti mukagule, pitani ku famasi yokhala ndi cilolezo ca ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, mutanyamula pepala la dokotala ndi kabotolo kakale. Mankhwala a m'maso a pa kantemba kapena a m'cola ca woyenda nao pamsika asalowe m'diso locekedwa.

Za mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga, madzi a masamba ofinya ndi zina zimene anansi amalangiza, ndinena mwacidule: m'diso muli bala lotseguka kufikira mkati. Ciriconse ca zimenezi cimanyamula tizirombo kulowa nato kumene sopo sangafike.

Sabata loyamba wodwala agone atabvala cophimba ca pulasitiki cija kuti asadzitikite m'tulo. Posamba madzi ndi sopo zisalowe m'diso kwa sabata limodzi kapena awiri. Asakhale pa utsi wa mbaula, asapete ufa, asasese pabwalo, asanyamule zolemera. Kuyenda, kupita ku chalichi, kuonera TV, zonsezi nzololedwa. Cakudya coletsedwa palibe. Ndamvapo ena akumana nkhalamba nyama ndi cimanga cokazinga poopa kuti kutafuna kudzagwedeza kagalasi. Apatseni adye. Mankhwala a shuga ndi a BP apitirize monga kale, ndipo a shuga adziwe kuti shuga yokwera imacedwetsa bala kupola.

ZIZINDIKIRO ZOSADIKIRA MAWA

Masiku oyamba diso limafiira pang'ono, limakhetsa misozi, limamveka ngati muli mcenga. Panadol amakwana. Lamulo losabvuta kukumbukira ndi lakuti tsiku lirilonse likhale lofanana ndi dzulo kapena loposa dzulo. Likabwerera m'mbuyo, pali kanthu.

Coopsa koposa ndi tizirombo kulowa mkati mwa diso. Sizicitika kawirikawiri, mwina kwa munthu mmodzi mwa 1,000, ndipo zimakonda kuoneka m'sabata loyamba. Kuwawa kumakula m'malo mocepa, kuona kumene kunabwera kumayamba kuthawa, diso limafiira kwambiri, zikope zimatupa, ndipo nthawi zina pansi pa mbali yakuda ya diso pamaoneka kamzere koyera ka mafinya. Pamenepa madontho a panyumba sangathandize, ngakhale muthire kabotolo konse. Mankhwala ayenera kulasidwa ndi nyeleti mkati mwa diso, ndipo kusiyana kwa diso lopulumuka ndi lotayika kumawerengedwa m'maola. Likhale Sabata, likhale tsiku la cikondwerero, ukhale usiku, pitani ku cipatala cimene cinacita opaleshoni. Pofika nenani poyamba kuti munthuyu anacitidwa opaleshoni ya diso tsiku lakuti, kuti asakuikeni kumbuyo kwa mzere.

Fulumiraninso ngati diso likuwawa pamodzi ndi mutu ndi kusanza, pakuti imeneyo ikhoza kukhala presha yokwera mwadzidzidzi. Cimodzimodzi ngati wodwala akuona zong'anima ngati mphezi, kapena tinthu takuda tambiri touluka tabwera mwadzidzidzi, kapena cinsalu cakuda cikutseka mbali imodzi. Cimodzimodzinso ngati wagundidwa pa diso, ngakhale ndi kadzanja ka mdzukulu wa pamiyendo.

Masiku obwerera kucipatala kawirikawiri ndi atatu: m'mawa mwa opaleshoni, pakapita sabata limodzi kapena awiri, ndi pa sabata la 4 kufikira la 6. Ulendo waciwiri ndi wacitatu ndiwo anthu amadumpha, poona kuti ndalama ya basi ingoonongeka pamene diso liri bwino. Koma pa maulendo amenewa ndi pamene timapima presha, timayang'ana ngati kutupa kwa mkati kwatha, ndi kugamula ngati mankhwala atsitsidwe, apitirire kapena alekedwe. Nyamulani timabotolo tonse ndi pepala lanu la macongedwe. Magalasi owerengera amapimidwa pa ulendo wotsiriza, diso litakhazikika. Ogula msanga amagula kawiri.

Pakapita miyezi kapena zaka, ena amaonanso nkhungu m'diso lomwelo ndipo amathamangira kukagula madontho aja. Kawirikawiri kumakhala kuti kathumba kamene kagalasi katsopano kakhalamo kacita mbuu. Ng'ala siimeranso, ndipo madontho sangayeretse kathumbako. Kamabooledwa ndi kuwala kwa makina a laser, mphindi zowerengeka, wodwala atakhala pa mpando, popanda kuceka. Funsani ku kiliniki ya maso ya kufupi ndi kwanu, adzakupimani ndi kukulemberani kalata ya kumene makinawo ali.